Anthu owerenga udzudzu

Ntchito yathu yofufuza za udzudzu ndi malungo imayamba kusanache. Ikamakwana 5 koloko timakhala titalisiya kale phiri la Zomba kumbuyo, tikutsetsereka ndi msewu wa ku Kachulu, chifukwa udzudzu umene wadya usiku umakhala udakali m'nyumba, utakhala phee pakhoma kapena kudenga, mimba itafufuma ndi magazi. Tikafika pakhomo timaodira. Eninyumba amatulutsa ndowa ya madzi, ufa, mbale ndi nkhuku, ife n'kuyala nsalu zoyera pansi ponse, ndi pamphasa pomwe. Timatseka chitseko, kupopera mankhwala, n'kudikira panja mphindi 10. Kenako timatulutsa nsaluzo pabwalo, kugwada, n'kuyamba kutola udzudzu umodziumodzi ndi kachitsulo kopanira, uku mnzathu akulemba nambala ya nyumba, anthu amene anagonamo, ndiponso ngati anagona m'neti.

Tsiku lina agogo ena aakazi anatiyang'ana kwa nthawi ndithu, kenako anandifunsa kuti, "Kodi mwanawe, sukulu yonse ija ya ku Chanco mapeto ake n'kutola udzudzu?" Ndinati, "Eya agogo, ndi womwewu umene ukudwalitsa adzukulu anu." Iwo anati, "Nanga mukauwerenga, utha?"

Funso limenelo silinandichoke m'mutu. Kuwerenga udzudzu sikuupha, n'zoona. Koma neti imene agogowo amapachika, mankhwala amene amalandira kuchipatala, ngakhale mwezi umene boma limagawa maneti, zonsezo zimachokera pa zimene wina anawerenga atagwada pabwalo ngati lawolo.

Choyamba chimene munthu amaphunzira pa ntchitoyi n'chakuti udzudzu si umodzi. Uja umalira kukhutu usiku wonse m'tauni nthawi zambiri umakhala wa mtundu wa Culex, woswana m'zimbudzi ndi m'ngalande za madzi onyansa. Umasowetsa tulo koma malungo sufalitsa. Wofalitsa malungo ndi wa mtundu wa Anopheles, ndipo ndi waukazi wokha, chifukwa umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Wamphongo umangomwa timadzi ta m'maluwa. Anopheles ukatera pakhoma umaimika kumbuyo kwake m'mwamba ngati msomali wokhomedwa mopendama, ndipo mapiko ake amakhala ndi timawanga.

Udzudzu subadwa ndi malungo. Umachita kuwatenga poluma munthu amene ali ndi kachirombo m'magazi. Kachiromboko, kamene kuno kwathu nthawi zambiri kamakhala ka Plasmodium falciparum, kamayenera kukula m'mimba mwa udzudzu kwa masiku 10 mpaka 14, kenako n'kusamukira kumene kumapangidwa malovu ake. Pamenepo m'pamene udzudzuwo ungapatsire munthu wina. Tsono apa ndi pamene pagona nkhani: udzudzu wambiri umafa masiku amenewo asanakwane. Woopsa ndi wokalamba, umene wapulumuka milungu iwiri. N'chifukwa chake neti yonyikidwa m'mankhwala imateteza ngakhale mnansi amene alibe neti. Sikofunika kupha udzudzu wonse wa m'mudzi, chachikulu n'chakuti wambiri usafike pokalamba. Mu labotale timang'amba udzudzu ndi tisingano tiwiri pansi pa maikulosikopu n'kuyang'ana mokhala mazira, kuti tidziwe ngati unaikirapo kale. Ukapezeka wambiri wosaikirapo, ndiye kuti udzudzu wa m'mudzimo ukufa udakali waung'ono, ndipo maneti akugwira ntchito.

Luso la manja limeneli ndi lakale. Kachirombo ka malungo kanaonedwa koyamba m'magazi a munthu mu 1880 ndi dokotala wa asilikali Alphonse Laveran ku Algeria. Mu 1897, ku India, dokotala wina, Ronald Ross, anakapeza m'mimba mwa udzudzu, atatha zaka akung'amba udzudzu wa mtundu wolakwika. Makina asintha kwambiri, koma tisingano tija sitinasinthe.

Ku Malawi kuno ofalitsa malungo akuluakulu ndi atatu: Anopheles funestus, Anopheles gambiae ndi Anopheles arabiensis. Awiri omalizawa amafanana ndendende, moti ngakhale katswiri sangawasiyanitse ndi maso. Timachita kuthyola kamwendo n'kukayeza DNA yake. Wina angati bwanji kuvutika chonchi, poti onse ndi udzudzu. Chifukwa chake ndi khalidwe. Gambiae amakonda munthu ndipo amaluma m'nyumba usiku, kotero neti imamupeza. Arabiensis amaluma ng'ombe ndi anthu omwe, ndipo sachita manyazi kuluma panja, pamene anthu akucheza madzulo kapena asodzi akukonza maukonde. Onsewa amaswana m'zithaphwi zowala dzuwa, m'mapondedwe a ng'ombe ndi m'minda ya mpunga. Funestus ndi wina: amakonda madzi osaphwa okhala ndi udzu ndi bango, ngati madambo ozungulira nyanja ya Chilwa. Mvula ikatha zithaphwi zimauma, koma dambo siliuma. Ndiye kwa anthu a kuchigwa, pafupi ndi nyanja ndi masikimu a mpunga a Likangala ndi Domasi, malungo satha ndi dzinja ayi, pamene pamwamba pa phiri, pozizira, nkhani ndi ina. Boma limodzi lomweli la Zomba lili ndi malungo a nkhope zingapo.

Pofuna kudziwa nthawi imene udzudzu ukuluma, pali njira ina yovuta kuifotokozera makolo. Anyamata odzipereka amakhala pampando kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa, buluku atapinda mpaka m'mawondo, wina m'nyumba wina panja. Udzudzu ukatera pamwendo amauunika ndi tochi n'kuukoka ndi kapaipi ka kukamwa usanalume, n'kuuponya m'kapu ya ola limenelo. Amapatsidwa mankhwala oteteza ndipo amayezedwa, komabe ndi ntchito yolemera. Mayina awo sapezeka pamwamba pa malipoti, koma popanda iwo sitikanadziwa ngati udzudzu wa m'mudzi wakutiwakuti wayamba kuluma anthu asanalowe m'neti.

Ndipo udzudzu umasintha. Kwa zaka zambiri maneti onse ankanyikidwa m'mankhwala a gulu limodzi, a pyrethroid. Udzudzu wochepa umene thupi lake linkatha kuphwanya mankhwalawo unkapulumuka n'kuswana, mpaka ana ake anadzaza dziko. Mu 2010 ofufuza analengeza kuti funestus wa pachilumba cha Likoma sakufanso bwino ndi mankhwalawa, ndipo zomwezo zinapezekanso ku Chikwawa ndi madera ena. Kuyeza kwake n'kosavuta kumva: timaika udzudzu waukazi 25 m'kachubu komata pepala la mankhwala kwa ola limodzi, timausamutsira m'kachubu koyera ndi thonje la madzi a shuga, ndipo pakatha maola 24 timawerenga wakufa. Ukafa wosakwana 90 pa 100 ulionse, ndiye kuti mankhwalawo agonja. Manambala otere ndi amene anachititsa kuti kubwere maneti atsopano owonjezera mankhwala a PBO, amene amafooketsa mphamvu ya udzudzu yophwanyira poizoni, kenako ena a mankhwala awiri osiyana.

Kachirombo nako kamasintha chimodzimodzi, ndipo pa nkhani imeneyi dziko lathu lili ndi mbiri yoti tiziinyadira. Achikulire akukumbukira kuwawa kwa chloroquine ndi kuyabwa kwake. Mankhwalawo atasiya kuchiza, Malawi inakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya n'kuyamba Fansidar, mu 1993. Chinali chiganizo cholimba mtima, chochokera pa umboni wotoleredwa m'zipatala zathu zomwe. Fansidar atagonjanso, mu 2007 tinayamba LA. Chodabwitsa chinachitika pakatipo: ofufuza a ku Blantyre anapeza kuti patapita zaka chloroquine osagwiritsidwa ntchito, tizirombo tosamva mankhwalawo tinazimiririka, ndipo kafukufuku wa ku Ndirande wofalitsidwa mu 2006 anasonyeza kuti chloroquine akuchizanso pafupifupi mwana aliyense. Dziko lonse linaphunzira kanthu kuchokera kuno. Lero maso ali pa LA, chifukwa ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizirombo tochedwa kufa ndi artemisinin, amene ndi msana wa mankhwalawa. Payenera kukhala wina amene akuyeza magazi a ana athu chaka ndi chaka, kuti vutolo likafika tisadzalimve ndi maliro.

Mbali ya magazi ili ndi anthu ake. Kadontho kochokera pachala kamapakidwa pagalasi, kuumitsidwa, kunyikidwa mu utoto wa Giemsa, kenako katswiri amakhala pa maikulosikopu kufunafuna timphete tating'ono tokhala ndi kadontho kofiira. Amawerenga tizirombo pofanizira ndi maselo oyera a m'magazi 200. Galasi lililonse la kafukufuku limawerengedwa ndi anthu awiri osauzana, ndipo akasiyana wachitatu amaweruza. Kukhala pampando maola asanu ndi limodzi maso ali mu kuwala kumeneko kumapweteka khosi, koma ntchito imeneyi ndi imene inatsegula maso athu pa ana asukulu. Kale aliyense ankaganiza za ana osakwana zaka 5 ndi amayi oyembekezera, ndipo m'pake chifukwa ndi amene malungo amawapha kwambiri. Koma kafukufuku amene anachitika m'sukulu 50 za pulayimale m'boma lino la Zomba mu 2011 anapeza kuti ana pafupifupi 60 pa 100 alionse anali ndi kachirombo m'magazi. Ambiri mwa iwo sankamva kudwala. Ankasewera mpira, kupita kukalasi, n'kumagona popanda neti chifukwa neti ya m'nyumba ili kwa mayi ndi khanda. Udzudzu ukawaluma umatenga kachirombo n'kukapatsira khanda lomwelo.

Zitadziwika zimenezi, m'dera la T/A Chikowi anayesa kuphunzitsa aphunzitsi kuyeza malungo ndi kupereka LA pasukulu pomwepo. Sukulu 58 zinalowa m'kafukufukuyo, theka zili ndi bokosi la mankhwala, theka zilibe. Ana ambiri anathandizidwa ndipo aphunzitsi anaigwira bwino ntchitoyo, koma kujomba kusukulu sikunatsike monga mmene anthu ankayembekezera. Ndimaitchula nkhaniyi kwa aliyense wofuna ntchito imeneyi, chifukwa apa m'pamene pamaonekera wofufuza weniweni: yankho likatuluka losiyana ndi limene mtima wako umafuna, umalilemba momwemo. Kwina zimayenda bwino. Madokotala ankaona kuti mwana amene wagonekedwa chifukwa chochepa magazi kwambiri, akapatsidwa magazi n'kutuluka, nthawi zambiri amabwereranso kapena kumwalira kunyumba m'miyezi yotsatira. Pulofesa Kamija Phiri ndi anzake anafufuza zopatsa ana otere mankhwala a malungo mwezi ndi mwezi akatuluka m'chipatala, ndipo mbali ina ya ntchitoyo inachitikira pa chipatala chachikulu cha Zomba. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza njirayi kuti igwiritsidwe ntchito m'maiko a malungo ambiri.

Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, madokotala Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza malungo a mu ubongo mu 1986. Zinatenga pafupifupi zaka 30, mpaka 2015, kuti gulu lawo lisonyeze kuti chimene chimapha ana ambiri okomoka ndi malungo ndi kutupa kwa ubongo kumene kumaimitsa kupuma. Katemera wa RTS,S, amene Malawi inakhala dziko loyamba kuyamba kupereka kwa ana mu April 2019, nayenso anatenga zaka zoposa 30 akukonzedwa. Munthu wofuna zotsatira za mawa lomwe, ntchito ino imutopetsa.

Tibwerere ku Chilwa kuti tikambe za likodzo, matenda amene ineyo ndimaona kuti timawapeputsa mopitirira muyeso. M'midzi ina mnyamata akayamba kukodza magazi, akulu amangoti wakula. Koma m'thupi mwake mumakhala nyongolotsi, yaimuna ndi yaikazi zitakumbatirana m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, zikuikira mazira mazanamazana tsiku lililonse kwa zaka. Dzira lililonse lili ndi kaminga kumapeto. Ena amatuluka ndi mkodzo, ena amakodwa m'minofu n'kusiya zipsera, ndipo pakapita zaka impso zimawonongeka, mwinanso khansa ya chikhodzodzo imayamba. Kwa amayi, mazirawo amafika kunjira ya chiberekero n'kuyambitsa zilonda zimene zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana, mayi n'kumanyozedwa pa mlandu wa madzi amene amachapamo.

Nyongolotsi imeneyi, imene dokotala Theodor Bilharz anaiona koyamba ku Cairo mu 1851, singachoke mwa munthu kupita mwa munthu mnzake popanda nkhono. Mkodzo ukagwera m'madzi dzira limaswa, kachirombo kamalowa mu nkhono ya mtundu wa Bulinus, kamachulukana mmenemo, ndipo pakatha milungu ingapo timatuluka tambirimbiri tokhala ndi mchira wa mphanda, tikusambira kufunafuna khungu. Sipafunika bala kapena kumwa madziwo. Wowokera mpunga, wovuula matemba, mwana wosambira masana, onse ali pa ngozi. Wofufuza likodzo ndiye amavala majombo aatali ndi magolovesi, n'kumakokola nkhono m'udzu wa m'mphepete mwa madzi ndi sefa ya mpini wautali. Nkhonozo amaziika m'timakapu padzuwa kuti aone ngati zitulutse tizirombo. Kusukulu amatolera mikodzo pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira amatuluka ambiri, n'kusefa mamililita 10 kuti aone ngati muli mazira.

Mankhwala alipo, a praziquantel, ndipo amagawidwa m'sukulu poyeza msinkhu wa mwana pandodo. Amafuna munthu atadya, apo ayi amachititsa chizungulire, ndipo mwana mmodzi akasanza, sukulu yonse imathawa mankhwalawo chaka chotsatira. Vuto lalikulu n'lakuti mapiritsi amapha nyongolotsi za lero, koma mawa mwanayo abwerera kudooko lomwelo. Komanso mapu a matendawa sakhala malo amodzi. Mu 2017 ku Mangochi kunapezeka nkhono za mtundu wa Biomphalaria m'mbali mwa nyanja ya Malawi kumene sizinkadziwika, ndipo ana anapezeka ndi likodzo la m'matumbo. Kwapezekanso nyongolotsi zosakanikirana, za likodzo la anthu ndi la ziweto, kutanthauza kuti dokotala wa anthu ndi wa ng'ombe ayenera kukhalira limodzi. Nanga Chilwa, nyanja yosaya yopanda mtsinje wotulukamo, imene inaphwa mu 1995 n'kuphwanso kwambiri mu 2018, kenako n'kusefukira ndi mvula za namondwe? Madzi akasuntha, nkhono ndi udzudzu zimasuntha nawo. Mlendo wobwera milungu itatu sangaone zimenezo. Angazione ndi munthu amene akhalepo zaka 20 akulemba m'kope limodzi.

Za kashembe ndingodutsa. Ntchentche imeneyi imafalitsa kaodzera kwa anthu oyandikana ndi nkhalango za Vwaza, Nkhotakota ndi Kasungu, ndipo imakopeka ndi mtundu wa buluu, n'chifukwa chake misampha yake ndi nsalu za buluu ndi zakuda. Kale wodwala kwambiri ankabayidwa melarsoprol, mankhwala a poizoni amene okha ankapha pafupifupi mmodzi mwa odwala 20. Kafukufuku amene anachitika ku Rumphi ndi ku Uganda anathandiza kuti kumapeto kwa 2023 kuvomerezedwe mapiritsi a fexinidazole, omwa masiku 10. Ndipo mu 2020 WHO inatsimikiza kuti Malawi yagonjetsa matenda otupitsa miyendo ndi ziwalo zachimuna ofalitsidwa ndi udzudzu, kuti salinso vuto la dziko lonse. Agogo aja akanamva zimenezi, mwina akanati kuwerenga kuli ndi phindu.

Pali chinthu china chimene sichiphunzitsidwa mokwanira m'kalasi. Timalowa kuchipinda kwa anthu mbandakucha, timabaya ana awo pachala, timanyamula mikodzo yawo. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu anaphedwa ndipo ntchito zambiri za zaumoyo zinaima. Sindiwatenga anthu a m'midzi ngati osazindikira. Munthu amene magazi a mwana wake anatengedwa, galimoto n'kupita osabweranso kudzanena chimene chinapezeka, ali ndi chifukwa chokayikira. Kafukufuku aliyense amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa anthu, monga NHSRC kapena COMREC, ndipo munthu aliyense amasaina kapena kudinda chala atamva bwino m'chiyankhulo chake, ali ndi ufulu wokana. Koma pepala lokha silokwanira. Timayamba kwa agulupu ndi amfumu, timayenda ndi alangizi a zaumoyo amene mudzi ukuwadziwa, ndipo kafukufuku akatha tiyenera kubwerera pabwalo lomwelo n'kufotokoza zimene tapeza. Mbali yomalizayi timailephera kawirikawiri, ndipo zimandipweteka.

Wachinyamata wofuna kulowa ntchitoyi ayambe n'kulimbikira biology, chemistry ndi masamu pa MSCE. Masamuwo asawanyoze, chifukwa theka la ntchito ndi manambala pa kompyuta. Njira ndi zingapo: biology pa University of Malawi kuno ku Zomba, za labotale kapena udokotala ku KUHeS, za ziweto ku LUANAR, komanso maphunziro a sayansi ku MUST ndi ku Mzuni. Ambiri amayamba ngati othandizira m'mapulojekiti a mabungwe ngati Malaria Alert Centre kapena Malawi-Liverpool-Wellcome, kenako digiri yachiwiri, kenako PhD ya zaka zitatu kapena zinayi, nthawi zina mbali ina kunja. Pambuyo pake umayamba kulemba mapempho a ndalama, ndipo ambiri amakanidwa.

Zowawa zake ndisabise. Makontirakiti amakhala a chaka chimodzi kapena ziwiri. Ndalama zambiri zimachokera kunja, ndipo mu 2025 boma la America litadula thandizo, anthu aluso anapezeka ali pakhomo. Udzudzu wowetedwa mu labotale umafuna kutentha kwa madigiri 27 ndi chinyezi chambiri, umadya pa Khirisimasi ndi pa tsiku la maliro pomwe. Ndikukumbukira usiku wina magetsi atazima ndipo jenereta itakana, m'mawa tinapeza udzudzu umene tinaweta miyezi inayi uli mbwee pansi pa makola. Mnzanga anakhala pansi osayankhula. Mawa lake tinavala majombo n'kubwerera kudambo kukatunga mphutsi zina.

Kuyamba sikulira chilolezo cha munthu. Mvula ikagwa, patatha sabata, tengani mbale yoyera n'kutunga madzi pang'onopang'ono pamwamba pa chithaphwi chowala dzuwa, mthunzi wanu usagwere m'madzimo chifukwa mphutsi zimamira zikaona mdima. Ikani mbaleyo pansi, mudikire madzi adekhe. Mphutsi yolendewera mutu uli pansi, ikupumira kapaipi ka kumchira, ndi ya Culex. Yogona chopingasa pamwamba penipeni pa madzi, ngati kachitsotso koyandama, ndi ya Anopheles. Lembani tsiku, malo ndi chiwerengero chake, ndipo sabata yamawa mubwerere pa chithaphwi chomwecho.